Sikelo ya ku Ngabu

Dzuwa la Okutobala likawotcha Ngabu
mpaka mbuzi kubisala pansi pa ngolo,
ife timakhala pamthunzi kwa Alufandika wokonza njinga
n'kumaweruzanso mlandu umene unatha kalekale.

Amayambitsa ndi Khembo, nthawi zonse iyeyo:
"Kuchokera ku Thabwa kukafika ku Marka
sanabadwe wina ngati Zuze Nyakhuwa.
Dzanja lamanzere lija!
Usana wonse ankadula mzimbe ku Nchalo,
madzulo n'kukadula anthu."

"Nanga lamba ali kuti?" akutero Fombe,
mwana wadzana, amene nkhonya amaonera pafoni.
"Ukatswiri ndi pepala, madala. Ndionetseni pepala."

Pepala linapita ndi madzi, mwana iwe,
chaka chimene Shire analowa m'nyumba osaodira.
Chatsala n'chimene tinaona,
ndipo aliyense anaona chake.

Khembo akuti mnyamata wa ku Ndirande anagwa kawiri.
Alufandika akuti kamodzi, kwinako anaterereka pathukuta.
Mayi Nyakamera ogulitsa milamba yowamba
akuti belu la ndime yachisanu ndi chitatu linalira msanga,
anaona okha ndi maso awo,
chonsecho tsikulo anali panja pa holo ndi dengu lawo.

Ine ndinali m'kati.
Ndinagulitsa thumba la mapira kuti ndilowe.
Ndimakumbukabe zingwe zomangidwa pamapaipi,
magolovesi osokedwa ndi ulusi wa ukonde,
ndi oweruza atatu atawerama ngati akupemphera.
Woyamba anati Zuze.
Wachiwiri anati wa ku Ndirande.
Wachitatu anali wathuwathu,
aphunzitsi a Tchale a ku Bangula,
omwa madzi amodzi ndi ife,
koma cholembera chawo chinakwera chitunda
n'kukagona ku Blantyre.

Ife alimi a thonje sikelo timaidziwa.
Umafika ndi mtolo wothyola msana,
muvi n'kuloza pamene wogula akufuna.
Tinati atiberanso.
Zaka makumi awiri
a Tchale pamaliro ankakhala okha pabenchi.

Ndiye dzulo, mkangano uli pakati,
tinangoona njinga yophulika tayala ikukankhidwa m'fumbi,
woikankha ndi Zuze mwiniwake,
mutu mbuu, manja akunjenjemera pazigwiriro,
pambuyo pake nkhalamba yandodo ikutsatira pang'onopang'ono.
A Tchale.
Kani Lachiwiri lililonse amawanyamula kupita kuchipatala,
ndipo salandira ngakhale tambala.

Tonse zii.
Fombe yekha, wopanda manyazi, anafunsa:
"Madala, tiuzeni nokha, anakuberani?"

Zuze anayang'ana chubu m'beseni la madzi,
timathovu tikukwera pamene pabooka.
"Ndime zitatu zomaliza munthuyo sindinamuone.
Diso linatseka, linalo magazi okhaokha.
Ndinkangomenya kumene inu mukukuwa."

A Tchale anatsokomola nthawi yaitali.
"Ndinalemba chimene ndinaona," anatero.
"Koma usiku tulo tikandithawa ndimawerenganso,
ndime ndi ndime, pointi ndi pointi.
Masiku ena umapambana ndiwe."

"Masiku angati?"

"Kukatentha chonchi, ambiri."

Zuze anaseka, mano atatu otsala aja poyera,
analipira chigamba, nakweza nkhalamba pakaliyala,
fumbi n'kuwameza cha kumsika wa ng'ombe.

Ndinaganiza kuti basi, mlandu wagona.
Alufandika anataya madzi a m'beseni,
nthaka n'kuwamwa tisanaphethire.

Koma Khembo anadzuka, chala m'mwamba:
"Mwamva nokha!
Ndime zitatu wopanda maso, osagwa!
Tchulani wina, kuchokera ku Thabwa mpaka ku Marka!"

"Wavomera yekha kuti ankamenya mphepo," anatero Fombe.

"Mphepo yake inatuluka ndi nthiti ziwiri zothyoka!"

Mayi Nyakamera anatula dengu,
nakonza chitenje bwinobwino,
n'kuyambanso nkhani ya belu lija.